Lupsa la a Sandalamu

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Sandalamu Mbewe. Thupi lawo linapita kwawo ku Ntchisi, koma lisananyamuke tinachita mapemphero mu holo imene mpingo wathu umabwereka ku Croydon. Tinalankhula anthu asanu. Tinati anali munthu wa pemphero, wosaphonya Lamulungu, wodziwa nyimbo zonse pamtima. Zonsezo n'zoona. Koma palibe amene anatchula nkhalango. Mwana wawo Esinati, amene ndi namwino, anali atatipempha kuti tisaitchule, ndipo ine, amene ndinalankhula pomaliza, ndinamvera. Ndikulemba izi chifukwa munthu amene tinamuyamikira tsiku lija ine sindinamuzindikire.

Anali aafupi, a manja aakulu osayenerana ndi thupi lawo. Poyenda sankamveka. Masitepe a ku fulati ya Esinati amalira aliyense akaponda, koma iwo ankangotulukira pakhomo. Asanapite kulikonse ankaima kaye panja n'kutembenuza nkhope uku ndi uku kuti amve kumene mphepo ikuchokera, ngakhale ulendo wake uli wokagula buledi. M'nyumba sankalankhula zambiri. Nkhani zawo zimene ndikuzidziwa ndinazimva tikuyenda, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo zina ndinazimva theka chifukwa ankalankhulira kutsogolo.

Kwawo anagwira ntchito ya ulonda wa nyama m'nkhalango ya boma kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Mayi a kunyumba atamwalira, Esinati anawatenga kuti azikhala nawo kuno. Zaka ziwiri zoyamba anazithera pawindo. Esinati ankapita ku shifiti kuwasiya pampando, pobwera n'kuwapeza pomwepo, tiyi atazizira m'kapu. Dokotala ndiye anati madalawa sakudwala, akusowa chochita, ndipo anawapatsa kapepala ka gulu la anthu ongodzipereka amene ankagwira ntchito m'nkhalango ina Lachitatu lililonse. Esinati anandipempha kuti ndiwaperekeze tsiku loyamba poopa kuti asochera pa mabasi. Ine ndimasamalira okalamba ndipo Lachitatu ndimapuma. Ndinati ndipita kamodzi. Ndinapita nawo zaka zinayi.

Nkhalangoyo ili kum'mwera kwa Croydon, kumene nyumba zimayamba kutha. Ndi malo a boma, aliyense amalowa. Muli nyama zofiirira, zazikulu ngati mbuzi yaikulu, zimene zikadzidzimuka zimauwa ngati galu. Tsiku loyamba lomwelo ina inauwa kuseri kwa mitengo. A Sandalamu anaima chilili, nandigwira mkono. Anati ndi mbawala. Dzina lake la Chingerezi analidziwa pambuyo pake, koma sindinawamvepo akulitchula. Nanenso ndimangoti mbawala.

Gululo linali la anthu khumi ndi angapo, ambiri azungu opuma pantchito. Wotiyang'anira anali Helen, mayi wa msinkhu wa Esinati, wolembedwa ntchito ndi bungwe losamalira malowo. Ntchito yathu inali yokonzera mbawalazo pokhala. Tinkadula minga ndi timitengo tothithikana kuti dzuwa lifike pansi, udzu umere. Tinkamanga mipanda ya nthambi kuzungulira ziphukira zina kuti nyama zisamalize zonse chaka chimodzi. Tinkazula mawaya akale amene ankazikola miyendo.

Zida za gululo anazipeza zobuntha. Sabata yachiwiri anabwera ndi mwala wonolera m'thumba la jekete, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene ankagwira chikwanje iwo asanachiyese pa chikhadabo. Magolovesi ankawakana. Helen akawakakamiza ankavala limodzi, la kumanzere, n'kunena kuti theka la lamulo lakwana, theka linalo adzakwaniritsa mawa. Nthawi ya tiyi ankakhala patali pang'ono, kumene mphepo ikulowera, poti ankati fungo la anthu khumi ndi mabisiketi awo limafika kwa nyama msanga kuposa phokoso.

Agalu ndiwo sankawafuna. Tsiku lina mayi wina anadutsa ndi kagalu kovala juzi yofiira, kosamangidwa, kakuthamangira m'tchire. A Sandalamu anatsitsa chikwanje.

"A Phiri, mwawaona abwanawo?"

"Ndawaona."

"Juzi yawo yaposa yanga. Tawafunsani ngati kwawo akulemba ntchito."

Anaseka pang'ono, kenako anasiya, n'kukalondola ndi maso mpaka katatuluka m'tchiremo.

Chimene chinawadziwitsa kwa Helen ndi ndowe. Ankatola ndowe za mbawala, kuzifikisa pa chikhatho, kuzinunkhiza, n'kunena chimene nyamayo yadya, kumene yachokera, ndi ngati yadutsa lero kapena dzana. Poyamba azungu aja ankayang'anana. Kenako Helen anayamba kuwatsata ndi kabuku. Anamuonetsa tinjira ta nyama timene pa mapu ake panalibe, pogona pake, pomwera pake. Zazikazi ankazidziwa imodziimodzi. Chaka chachiwiri Helen anawapatsa kiyi wa shedi yosungira zida kuti azitsegula akafika msanga. Anamumanga pa chingwe n'kumuvala m'khosi, mkati mwa malaya. Ngakhale ku tchalitchi ankapita naye. Esinati anandiuza kuti masiku amenewo bambo ake anayambanso kudya, ndipo Lachiwiri lililonse ankapukuta jombo ngati mwana wa sukulu.

Koma panali mkangano umodzi umene sunathe. Pakati pa nkhalangoyo pali mtunda umene kale unali wa udzu. Unali utadzaza zitsamba zina za masamba onga nthenga, zimene zimauma chaka ndi chaka n'kuunjikana pansi mpaka m'mawondo. Pansi pake sipamera kanthu. Tinazidula zaka zitatu, zimangobwerera. A Sandalamu ankati tikumeta munthu wodwala mutu. Ankati tchire losapsa limakalamba, ndipo nyama imaonda pakati pa masamba. Ndi Helen ankalankhulana m'Chingerezi, ndipo chawo chinali cha m'maofesi akale, chaulemu kwambiri.

"Mayi Heleni, malo awa sakufuna chikwanje. Akufuna machesi."

"Ayi, bambo Mbewe."

"M'mawa umodzi wokha. Pofika nthawi ya tiyi tamaliza."

"Kuseri kwa mitengo iyo kuli nyumba za anthu. Ndiponso nthaka ya kuno si ngati ya kwanu."

"Nthaka ndi nthaka, mayi."

"Ayi ndithu."

Mawu amenewa ndinawamva kangapo, pafupifupi osasintha. Pa basi ankadandaula kuti mwana uja ndi wanzeru koma nkhalango yake anaiphunzira m'buku. Wina akamunena Helen, iwo omwewo ndiwo ankamuikira kumbuyo. Kenako ankayamba kufotokoza mmene ankatenthera kwawo, mvula itangosiya, udzu usanaumitsitse. Umalambula mzere kuzungulira. Umayatsa m'mawa kuli mame, moyang'anizana ndi mphepo, kuti moto uziyenda mokwawa. Ankati moto woyatsa wekha umaukoka ngati ng'ombe ya pachingwe, ndipo ukachedwa kuuyatsa umadzabwera wokha, wopanda mwini. Masabata awiri akatha, pa lupsa pamamera msipu, ndipo nyama zonse za m'nkhalango zimasonkhana pamenepo. Ankanena mosadzitama kuti pa zaka zawo zonse za ntchito moto sunawathawepo.

Chaka chachinayi mvula inadula msanga. Kumapeto kwa Meyi udzu wa m'mapaki unali utafiira kale. Tikubwerera pa basi anandiuza motsitsa mawu kuti Lolemba apita okha kukayatsa.

"Kachigawo kakang'ono, ngati bwalo la nyumba. Akadzaona msipu sitidzakangananso."

"Madala, musatero."

Ndinanena kamodzi, motsitsa, ngati munthu wongokwaniritsa mwambo. Ndikanatha kuimbira Esinati. Ndikanatha kuimbira Helen. Sindinatero.

Zimene anachita Lolembalo anandiuza okha, ndipo ndimawakhulupirira. Anafika mame asanaume. Analambula mzere wotakata ngati msewu wa ngolo, mpaka dothi lakuda litaoneka. Inali nyengo imene mbawala zimaswa n'kubisa ana m'zitsamba, choncho anayenda chokwawa m'kachigawo konseko kawiri, akufufuza ndi manja. Munalibe kanthu. Anayatsa. Moto unayenda monga anaufunira, unafika pamzere, unafa. Anamenya m'mphepete ndi nthambi zaziwisi, anathira madzi pa zitsa, anadikira mpaka masana. Pomaliza anavula jombo n'kuyenda paphulusa ndi mapazi kuti amve ngati pena pakutentha. Panali pozizira. Kwawo ntchito ikanathera pamenepo.

Chimene sankachidziwa n'chakuti dothi lakuda lija silinali dothi lenileni. Anali masamba ndi mizu ya zaka zosawerengeka, yovunda theka, youma gwa chifukwa cha chilala. Zimenezo zimanyeka ngati makala, mosaonetsa lawi. Moto unalowa pansi, unadutsa kunsi kwa mzere wawo, n'kumayenda. Lachitatu tinagwira ntchito mbali ina ya nkhalango, ndipo a Sandalamu ankaimba chapansipansi tsiku lonse. Lachinayi masana mphepo inakula, moto unatulukira pakati pa zitsamba zouma zija.

Ozimitsa moto analimbana nawo mpaka tsiku lotsatira. Nyumba sinapse, munthu sanavulale. Koma mtunda wonse unapita, pamodzi ndi mitengo ikuluikulu isanu ya m'mphepete, imene Helen ankati inalipo agogo a agogo ake asanabadwe.

Loweruka Helen anatiitana tonse kuti tikayang'ane pamene pakufukabe. Pansi pankatentha kudutsa jombo. Chakum'mawa kwa lupsalo mbawala ina inkauwa osalekeza, ikuzungulira m'mitengo, osathawa anthu. A Sandalamu anamvetsera, nayamba kuyenda, ine pambuyo. Anawapeza mosafufuza. Anali ana awiri a mbawala, atafa atadzipinda moyandikana pamene mayi wawo anawasiya. Mwana wa mbawala sathawa. Akasiyidwa amagona duu, chibwere chimene chingabwere. Anandipatsa jekete kuti ndigwire, anakumba ndi chikwanje ndi manja, anawakwirira. Atadzuka anangoti, "Anamvera mayi wawo."

Masana ake Helen anatiuza kuti ozimitsa moto apeza mabotolo ndi chiwaya chootchera nyama chapafupi, ndiye akuganiza kuti ndi achinyamata. Palibe amene akanagwidwa. Nkhani ikanathera pamenepo.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi anandiitanira kwa Esinati, ndipo anamuuza zonse ine ndili pomwepo. Esinati anakhala pansi ndi chikwama chili m'manja.

"Adadi, nobody knows. Palibe akudziwa. Mungokhala chete basi."

"Ine ndikudziwa. A Phiri akudziwa."

"Ankolo sanena. Eti ankolo?"

Ndinayang'ana pansi.

"Kuno si ku Ntchisi, adadi. Kuno mukangoti sorry mwasaina kale. Akuitanirani police. Ine ndili pantchito, ndipo surname yanga ndi yanu yomweyo."

"Ndiye ana a eni ake asenze mlandu wanga?"

"Ana ake ati? Amangidwa ndani?"

"Tamvera, mwanawe. Moto ukathawa, woyatsa amapita yekha kwa mwini malo asanatumiziridwe mthenga. Amatenga nkhuku. Amatenga munthu womulankhulira. Amakhala pansi. Mwini malo amakalipa mpaka atatopa, kenako amalandira. Mawa lake mukulima limodzi."

"With a chicken. Adadi, mukudzimva?"

"Ndaona milandu yotere yambiri. Sindinaone wopepesa akubwezedwa."

Esinati analira, anaopseza, anaimbira mbusa. Sizinathandize. Anthu ena pambuyo pake anati madala aja anangofuna kuyeretsa mtima. Ine sindikuganiza choncho. Chimene ankafuna ndi mtunda uja. Ankati lupsa losasamalidwa limabala minga yoposa yoyamba, ndipo lalikulu chotero lifuna munthu wolilondera zaka zitatu, wozula chilichonse chimene si udzu. Munthu ameneyo anali iwo. Koma sakanatha kupondapo Lachitatu lililonse ngati mbala, akupatsana moni ndi Helen. Ankafuna kubwererapo ngati munthu amene mlandu wake unakambidwa n'kutha.

Nkhuku tinakaigula ku Peckham. Ankafuna yamoyo. Mwini butchala anaseka mpaka kugwira tebulo, nati yamoyo mukaipeza kwathu ku Lagos. A Sandalamu sanaseke. Anasankha yathunthu, ya mutu ndi miyendo yomwe, poti ankati chopepesera sichikhala choduladula. Anaitembenuza kangapo, kuona ngati phiko silinathyoke. Kunyumba anaikulunga m'nsalu yoyera.

Lachitatu tinafika ena asanabwere. Anali atavala suti yawo ya ku tchalitchi. Helen anali pakhomo pa shedi akuwerenga zida. A Sandalamu anavula chipewa, anakhala pansi padothi, anaika nkhuku patsogolo pawo, n'kuomba m'manja mofatsa katatu.

"Bambo Mbewe, mwatani? Mwagwa? Dzukani, mudetsa suti."

Wolakwa sadzilankhulira. Anandiyang'ana, ndipo ndinayamba monga anandiphunzitsira pa basi. Ndinati akuluwa abwera ndi nkhani ya moto. Ndisanapitirize Helen anakweza dzanja. Nkhope yake inali itasintha.

"Imani kaye. Musandiuze." Anayang'ana ine, kenako iwo. "Chonde mvetsani. Mukandiuza, ndiyenera kulemba. Sindingathe kusalemba. Ngati simunanene kanthu, ine sindinamve kanthu. Dzukani, tengani chikwanje, tikagwire ntchito."

Ndinawamasulira m'Chichewa ngakhale anamva okha, poyembekeza kuti mwina mawuwo akabwera kawiri alowa. Ndinaonjezera anga.

"Madala, khomo ndi limeneli. Dzukani."

"A Phiri, ndinakutengani kuti mundilankhulire kapena kuti mundilangize?"

"Akuchotsani."

"Nenani zimene ndinakutumani."

Ndinanena. Ndinanena za Lolemba, za mzere, za machesi, za ana awiri aja, amene Helen sankadziwa. Iye anakhala pa wilibala n'kuphimba kumaso. Sanakalipe. A Sandalamu ankadikira kukalipako, mutu uli pansi, ndipo sikunabwere. Patapita nthawi anakankhira nkhuku ija patsogolo pang'ono ndi manja awiri.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinafotokoza. Helen anatsegula nsalu, anaona mutu wa nkhuku, anatsekanso.

"Sindingalandire. Malamulo satilola kulandira mphatso, makamaka tsopano. Zingaoneke ngati mukundigula." Anapukuta m'maso. "Ndiponso ine sindidya nyama. Auzeni kuti sindikuwada. Auzeni zimenezo."

"Akuti sakukudani."

"Ndamva. Nkhuku alandira?"

"Ayi."

A Sandalamu anakhala pansi pomwepo kanthawi. Kenako anadzuka, anasasa fumbi pa thalauza, ananyamula nkhuku yawo. Pa msewu tinakumana ndi anzathu a gulu akubwera, ndipo wina anafunsa ngati bambo Mbewe akupita ku ukwati.

Apolisi anawaitana, anawafunsa, ndipo poona msinkhu wawo ndi kuti anadziulula okha anangowachenjeza. Esinati ntchito sinamuthere. Patapita masabata atatu kunabwera kalata yochokera ku bungwe lija. Inali yaulemu. Inawathokoza chifukwa cha zaka zinayi, n'kunena kuti sangathenso kugwira ntchito ndi gululo, ndipo abweze kiyi. Kiyiyo anandipatsa ine kuti ndikapereke. Chingwe chake chinali chitada ndi thukuta, ndipo anachidula ndi mpeni chifukwa mfundo inakana kumasuka.

Nkhuku ija anakana kuti iphikidwe. Anati ndi ya eni ake. Esinati anaiika mu firiji, pansi penipeni pa ayezi, ndipo inakhala mmenemo zaka zitatu. Akafuna kuitaya ankapeza bambo ake ataima pakhomo la khitchini. Anadzaitaya maliro atatha.

Ine ndinapitabe ku gulu chaka chinanso. Helen ankandifunsa za iwo nthawi zonse. Tsiku lina anandituma. Anati kalata ija yawaletsa zida zokha. Nkhalango ndi ya aliyense, akhoza kubwera kudzayenda ngati munthu wina aliyense, ndipo iye angakonde kuwaona. Ndinapita nawo uthengawo ndikuganiza kuti ndanyamula chinthu chabwino. Ndinawapeza pawindo.

"Wanena yekha?"

"Yekha."

"Ngati munthu wina aliyense."

"Eya."

"Nkhuku yanga analandira?"

Ndinaganiza zonama. Ndikanati wanena kuti mubwere nayo. Ndikanapita kwa Helen n'kumupempha kuti angoigwira ndi manja awiri, akaitaye yekha kuseri. Mwina akanavomera. Maganizo amenewa anandibwerera mochedwa, ndili pa tiramu, kasitima ka mumsewu, ndipo sabata yotsatira ndinachita manyazi kuyambitsanso nkhaniyo. Pawindo paja ndinangoti sanalandire.

"Ndiye sanandiitane," anatero.

Chaka chotsatira msipu unamera. Ndiyenera kulemba zimenezi chifukwa ndinaziona. Mtunda wonse unabiriwira, udzu wanthete umene sitinauonepo m'nkhalango ija, ndipo m'mawa wina ndinawerenga mbawala zisanu ndi ziwiri zikudya poyera. Helen anaima pambali panga. Nditawauza a Sandalamu sanasangalale. Anafunsa kuti akuzula ziphukira za minga ndani. Ndinati palibe. Bungwe linali litalamula kuti pamalopo pasakhudzidwe mpaka akatswiri adzaone, ndipo akatswiriwo ankachedwa. Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kuwindo.

Kenako Helen anasamutsidwira kwina. Amene anabwera m'malo mwake ankayang'anira nkhalango zitatu ndipo Lachitatu lina sankabwera. Awiri a m'gulu anamwalira, ena mawondo anawakana. Nanenso ndinasiya.

Ndinadziwa mochedwa kuti iwo sanasiye. Esinati ndiye anandiuza, madala ali kale m'chipatala ndi chifuwa chimene chinawatenga. Lachitatu lililonse ankavala jombo, kukwera mabasi awiri, kutsika pa siteji ya pa nkhalango. Esinati anawatsatira tsiku lina poganiza kuti ayamba kusokonezeka mutu. Anawapeza ataima kunja kwa mpanda wa m'mbali mwa msewu, manja kumbuyo, khutu ataloza kumitengo. Ankaima mpaka nthawi imene gulu linkamwera tiyi, n'kuwoloka msewu kukadikira basi yobwerera. Anachita zimenezi ndi m'nyengo yozizira yomwe. Esinati anawagwira mkono n'kuwauza kuti tiyeni tilowe limodzi, palibe atiletse. Anamuyankha kuti alowe yekha, iye alibe mlandu.

Ku chipatala ndinawaona kawiri. Ulendo wachiwiri anali atafooka, koma anandizindikira. Anafunsa ngati mvula yagwa. Sanafunse za mtunda, ndipo ine sindinauyambe.

Sabata yatha ndinapitako. Shedi ndi yokhoma, loko wachita dzimbiri, ndipo pawindo ndinaona zikwanje zili mu ndowa, zofiira. Mtunda uja sindinathe kufikapo. Minga yautseka, yaitali kundiposa, yolukana moti ngakhale galu sangalowe. Mitengo isanu ija idakali chiimire, yakuda, yopanda khungwa. Ndinazungulira m'mphepete ndikuyang'ana pansi monga anandiphunzitsira, ndipo sindinapeze ndowe kapena phazi. Anthu a kumeneko akuti mbawala masiku ano zimawoloka msewu kukadya maluwa m'mabwalo a nyumba, ndipo zina magalimoto amazigunda.

Potuluka ndinaima pa siteji. Mpandawo ndi wa matabwa awiri opingasa, wofika m'chiuno. Esinati anali atandilozera nsanamira imene ankaima pafupi nayo, yachitatu kuchokera pa chikwangwani cha basi. Palibe chizindikiro chilichonse, udzu wamera ngati pena paliponse. Kuchokera pamenepo sumaona mtunda, sumaona shedi, umangoona mitengo yoyamba ndi mdima wa kuseri kwake. Chakumanja kuli mpata wolowera. Ulibe chitseko, ndi wotakata moti wilibala imadutsa. Ndili pomwepo panalowa mayi wina ndi agalu awiri. Ndinayeza kutalika kwake kuchokera pa nsanamira kukafika pa mpatawo. Ndi mapazi asanu ndi anayi.